Dzira la Ng'ona Silifuna Thadzi

(Sewero la pawailesi. Malo ndi ku Liwonde, m'boma la Machinga, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Olankhula ndi awiri oyandikana nyumba: APHUNZITSI, mayi amene anapuma pa ntchito yophunzitsa sayansi kusekondale, ndi CHE MAZIRA, woweta nkhuku amene amagulitsa anapiye ndi mazira owiritsa padepoti.)

(Phokoso: nyenje zikulira. M'nyumba makina akuti tii, tii, tii. Wina akugogoda chitseko cha malata.)

APHUNZITSI: Odi kuno! Che Mazira! Musabisale, njinga yanu ndi iyi yatsamira pakhola. Kodi chikulira m'nyumba mwanumu n'chiyani? Usiku wonse tii, tii, tii, mpaka kumzikiti aitana swala ya m'bandakucha ine maso ali gwa.

CHE MAZIRA: Fikani madamu, koma mudumphe waya ameneyo. Chikuliracho ndi chitukuko. Makina ofungatira mazira, atsopanotsopano, ndawatenga ku Limbe dzana. Amatenthetsa okha, amatembenuza mazira okha, zikavuta amaliza belu okha. Inu kusukulu belu munkatuma mwana.

APHUNZITSI: Ngati aliza belu usiku wonse ndiye kuti zavuta usiku wonse. Mwaikamo mazira angati?

CHE MAZIRA: Panopa mulibe, ndikuwazoloweza kaye nyumba. Ndipo mazira ake si a nkhuku ayi. Sendezani khutu kuno. A ng'ona.

APHUNZITSI: A chiyani?

CHE MAZIRA: Ng'ona, madamu, musakuwe. Anapiye masiku ano akuswetsa aliyense, kuchokera ku Ntaja mpaka ku Ulongwe, msika unadzaza kalekale. Pamene ng'ona ndi izi zangoti mbwee mu Shire, kuyambira ku Malombe kutsika mpaka pabaraji pano. Zimatidyera mbuzi, zimang'amba maukonde, amayi sachapa ndi mtima umodzi padooko. Chikopa chake kunja amasokera zikwama ndi nsapato za mtengo woti mukaumva mukhala pansi. Ku Salima, cha ku Senga Bay, anthu amaziweta. Ku Kariba ku Zimbabwe ndiye anayamba ife tisanamere mano. Nyengo yoikira ndi inoyi, ndipo ng'ona imodzi imasiya mazira 40, 50, ina mpaka 60, ili phee. Thadzi langa likaikira limodzi lokha limalengeza mudzi wonse. Ndiye ndati, makina ndili nawo, mtsinje ndili nawo, chatsala n'chiyani?

APHUNZITSI: Chatsala ndi nzeru, aneba, koma musadandaule, ndabwera nazo. Za kundende tikamba pambuyo pake, tiyambe ndi bokosi lanuli. Amene anapanga makina awa maso ake anali pa thadzi. Thadzi limakhalira mazira ndi thupi lotentha, limawatembenuza ndi mlomo, limadzuka kukatola chakudya mphepo n'kuwapita. Makinawa akungotsanzira zomwezo: kutentha kwa madigiri 37.5, kamota kopendeketsa thireyi, fani yozunguza mpweya, chinyezi cha pakatikati, masiku 21 anapiye atuluka. Tsono ng'ona sikhalira mazira. Imakwera pamtunda pamene madzi safika, imakumba dzenje mumchenga lakuya mwina theka la mita, imaikira usiku, imakwirira, n'kugona chapafupi kulondera. Wofungatira weniweni ndi mchenga umene dzuwa lautenthetsa. M'dzenjemo kutentha kumasewera cha m'ma 30 mpaka 33, usana ndi usiku sikusiyana kwenikweni, muli chinyezi, mulibe mphepo, palibe chogwedeza dzira, ndipo zimakhala choncho masiku pafupifupi 90. Munthu wosankha chofungatira mazira a ng'ona kapena a kamba, funso lake ndi limodzi: kodi bokosi ili lingandipatse zimene dzenje la mumchenga limapereka? Lanuli chilichonse chimene mwalilipirira ndalama zambiri n'chimene dzira la ng'ona limadana nacho.

CHE MAZIRA: Nkhani yaing'ono imeneyo. Apa pali batani. Ndidina, 37 itsika ifike 32, basi ng'ona yasangalala.

APHUNZITSI: Batani lilipo, sindikukana, ndipo 32 mwaitchula bwino, oweta ng'ona ambiri amaika pa 31 kapena 32. Koma batanilo limalamula chotenthetsera chokha. Lingachiuze kuti yaka kapena zima, silingauze denga lanu la malatali kuti lisiye kuwotcha. Kwa nkhuku zimenezi sizivuta kwenikweni, chifukwa chipinda nthawi zambiri chimakhala pansi pa 37.5, makina n'kumangowonjezera pamene paperewera. Kwa ng'ona zinthu zatembenuka. Imaikira cha mu Seputembala ndi Okutobala, ana n'kuswa Disembala kapena Januwale mvula itayamba, ndiye kuti mazira amakhala m'bokosi miyezi yotentha kuposa ina yonse pachaka. Kuchigwa kuno masana a Okutobala kufika madigiri 35 si nkhani yoti anthu n'kuimirira pamsewu, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i mumaposa pamenepo. Dzira la ng'ona likakhalitsa pa 35 mwana amafera momwemo, akapulumuka amatuluka wopindika msana, wokhota nsagwada. Mdani wanu kuno ndi kutentha, ndipo makina anuwa alibe chida cholimbana naye. Choyamba kusankha ndi chipinda, makina pambuyo: cha njerwa, chofolera udzu kapena cha siling'i, pamthunzi, kumene dzuwa la masana silimenya khoma. Palinso china. Dzira la nkhuku limaikidwa zitagamulidwa kale kuti mutuluka tambala kapena msoti. La ng'ona ayi, kutentha kwa mkati mwa nyengo yofungatira ndiko kumagamula. Pansi pa 31 ambiri amatuluka aakazi, cha m'ma 32 mpaka 34 ambiri aamuna, mukapitirira apo aakazi ayambiranso, imfa ili pambali. Digiri imodzi yokha imasintha khola lonse, pamene manambala ofiira amene akuthwanima pachitseko cha makina otchipa amatha kunama ndi digiri yomweyo.

CHE MAZIRA: Imani kaye. Mukuti ukafuna ana aamuna umangosonkhezera moto? Zikanakhala za anthu, bwenzi achimwene anga a ku Nsanama, a ana aakazi okhaokha aja, akugona kukhitchini.

APHUNZITSI: Achimwene anuwo asiyeni, ana aakaziwo ndi amene akuwadyetsa.

CHE MAZIRA: Chabwino, pa kutentha mwawina. Koma kutembenuza musakunyoze, kamota kameneka ndi kamene kanakweza mtengo. Dzira losatembenuza limasukusa, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa.

APHUNZITSI: Mwanayo akunena zoona, koma za nkhuku. Inu mumaswa mazira tsiku lililonse, munationa tizingwe tiwiri toyera, topotana, timene timagwira chachikasu chija uku ndi uku. Timeneto timachititsa kuti chachikasucho chiziyandama pakati, dzira likatembenuka kamwana n'kubwerera pamwamba, ndipo kutembenuzako kumathandiza kuti kasamatirire kuchigoba. Dzira la ng'ona lilibe tizingwe timeneti, ndipo kumatirira kumene nkhuku imakupewa, ng'ona imakufuna. Likangotha tsiku chiikirireni, kamwana kamakhala katamata kale kumtunda kwa dzira, mkati mwa chigoba, n'kuyamba kukhazikika pamenepo. Kunja mumaona kadontho koyera mbee, kamene kamakula n'kukhala lamba wozungulira dzira pakatikati. Lamba ameneyu ndiye umboni kuti dzira lili ndi moyo, lopanda lamba ndi lakufa ngakhale mulipempherere. Mukalitembenuza dziralo, kamwana kamapezeka pansi, chachikasu cholemera chili pamwamba pake, pamene kanamata pamatuka, kafa. Ndiye kamota kanu kopendeketsa thireyi maola angapo alionse kadzapha onse 50 sabata yoyamba, mwaulemu, belu osalira n'komwe. N'chifukwa chake otola mazira pachilolezo amalemba chizindikiro ndi pensulo pamwamba pa dzira lililonse asanalinyamule m'dzenje, amaligoneka m'bokosi monga analipezera, chizindikiro chikuyang'ana kumwamba, ndipo woyendetsa boti kapena galimoto amayenda ngati wanyamula wodwala. Inu ndi njinga yanu yopanda mabuleki ija, pamsewu wa mabampu, mudzafika ndi mazira okazinga okhaokha. Ndipo taonani mabowo a thireyi yanuyi. Dzira la ng'ona ndi lalitali, limalemera magalamu 100 kapena kuposa, pafupifupi kawiri la nkhuku. Silikhalamo umu.

CHE MAZIRA: Kamota ndikazula, thireyi ndichotsa. Mwakhuta? Za chinyezi ndiye musandiphunzitse. Ng'ona ndi nyama ya m'madzi. Nditenga beseni, ndithira madzi a mu Shire momwemo, mazira ndiviika, azimva ngati ali kwawo.

APHUNZITSI: Mayo ine! Ng'onayo n'chifukwa chiyani imavutika kukwawa kukwera mtunda ndi mimba yodzaza, ngati madzi anali abwino? Mwana ali m'dzira amapuma mpweya kudzera m'timabowo ta chigoba tosaoneka ndi maso. Madzi akatseka timabowoto amabanika. Kutchire chimene chimapha zisa zambiri, kupatula ng'anzi, ndi mtsinje ukasefukira msanga n'kumiza dzenje. Chofunika ndi mpweya wonyowa, dzira lenilenilo lisakhale m'madzi. Nkhuku imafuna chinyezi cha 50 kapena 55 pa 100, n'kukweza pang'ono masiku atatu omaliza. Ng'ona imafuna choposa 90 pa 100 kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndipo fani yanuyo ntchito yake ndi kuumitsa. Oweta enieni amagoneka mazira mu vermiculite, timiyala tofewa tosunga madzi, osakaniza ndi madzi molingana pa sikelo, kilo ku kilo. Amene alibe amagwiritsa mchenga woyera wa kumtsinje. Kuyesa kwake n'kwa m'manja: mutape, mufinye. Ukagwirana n'kusiya chibumwa chosadontha madzi, uli bwino. Ukayoyoka pakati pa zala, wauma. Madzi akatsika m'chigongono, mwapitiriza. Powonjezera madzi mumathira m'mbali mwa bokosi, ofunda, osawaza pamwamba pa mazira, ndipo chivindikiro chikhale chopendekeka kuti thukuta lake lizitsikira kukhoma, lisadonthere padzira. Komanso, aneba, belu limene landigoneka m'maso lija likulira chifukwa m'kabeseni ka pansika simunathiremo madzi ngakhale dontho. Kabuku kake munawerenga?

CHE MAZIRA: Kabuku ndinayatsira mbaula. Zilembo zake zinali zazing'ono.

(Phokoso: makina ati zii. Wailesi ya kutali yaduka pakati pa nyimbo. Ana akufuula chapatali: "Athimaaa!")

CHE MAZIRA: Aaa, taonani! Mwabwera ndi tsoka inu. Chibwerereni makinawa magetsi anali asanathimepo.

APHUNZITSI: Chibwerereni dzana. Ikani dzanja pachitseko chake, muwerenge mumtima, muone ngati pofika nthawi ya nsima mukhala mukadali kutentha. Kabokosi ka pulasitiki kopyapyala kamatentha msanga n'kuzizira msanga, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anapiye mumawapirira masiku 21, mwina mwayi n'kukugwerani magetsi osavuta kwambiri. Ng'ona ndi miyezi itatu, yothera m'nyengo ya mphezi ndi mitengo yogwera pa mawaya. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire yemweyu, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo baraji iyi anaimanga mu 1965 kuti izilamula madzi opita kumeneko. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kuthimathima kunapitirira chaka. Januwale, aneba, mwezi womwe ana a ng'ona amagogoda chigoba. Ndiye wanzeru posankha safunsa kuti makinawa ali ndi mabatani angati, amafunsa kuti magetsi akathima bokosili lisunga kutentha kwake maola angati. Mukudziwa kuti madzi a mumtsuko amachedwa kufunda masana, amachedwanso kuzizira usiku, pamene a m'kapu amasintha ndi kamphepo kalikonse. Chofungatira chabwino chizikhala mtsuko. Mutenge furiji yakufa, ija yogona yosungira nsomba, chifukwa makoma ake ndi okhuthala. Pansi mundandalike zigubu zodzaza madzi, kapena muike beseni lalikulu la madzi lokhala ndi kachotenthetsera kakang'ono kolamulidwa ndi themositati. Pamwamba pa madziwo thandala, pathandalapo mabokosi a mazira. Madzi omwewo akupatsani zinthu ziwiri, chinyezi ndi kutentha kosadumphadumpha. Magetsi akathima kutentha kumatsika pang'onopang'ono, masana kukawotcha kumakweranso pang'onopang'ono. Ndipo popeza kuno mukungowonjezera madigiri ochepa usiku, batire ndi sola yapakatikati zikwanitsa, zimene sizingatheke ndi chotenthetsera chanjala cha makina a nkhuku.

CHE MAZIRA: Furiji yakufa! Ine ndagula chinthu chatsopano cha m'katoni, inu mukunditumiza kudzala?

APHUNZITSI: Ndikukutumizani kuchulu. Ng'anzi imene imakuberani anapiye ija ndi katswiri kuposa tonse awiri. Nyengo ya mvula imaboola chulu chamoyo, imaikiramo mazira, chiswe n'kumata pobowokapo. Mkatimo kutentha ndi chinyezi sizisinthasintha, mpweya umayenda m'njira za chiswe, ndipo ana amatuluka patapita miyezi yambiri popanda batani. Kamba nayenso amakwirira m'nthaka n'kuchoka, mazira ake amatha miyezi 8 kapena kuposa. Zokwawa zonsezi zikunena chimodzi, kuti zimafuna malo ochedwa kusintha. Koma furijiyo musaitseke ndii ngati mukusunga nyama. Muboole timabowo tingapo ta mpweya, chifukwa mwezi womaliza ana akula, akupuma kwambiri, ndipo matupi awo akutulutsa kutentha kwawokwawo, moti pakati pa bokosi pamatha kutentha kuposa m'mbali. Themometa zikhale ziwiri, mitu yake ikhale mumchenga pamene pagona mazira, osati yolendewera pachivindikiro. Zikasiyana, mupeze yachitatu ikuuzeni wabodza ndani. Ndipo dzira lisanalowemo, bokosi liyende lopanda kanthu sabata yathunthu, inu mukulemba m'kope m'mawa, masana ndi pakati pa usiku. Likadumpha 33 masana, sinthani chipinda. Pokhapo ndikuyamikani, kuzoloweza nyumba kuja munaganiza bwino, ngakhale munaganiza mwangozi.

CHE MAZIRA: Ndiye mwadzikola nokha, madamu. Ngati mchenga uli mphunzitsi wamkulu chotero, bokosi n'lachiyani? Ndikumba dzenje kuseri kuno, ndithira mchenga wa mu Shire, ndikwirira, ndikhala pampando ndi chibonga ngati make ng'ona. Ndalama ziro.

APHUNZITSI: Funso limeneli ndi lanzeru, mpaka ndadabwa kuti latuluka m'kamwa mwanu. Theka lake n'loona. Koma kumbukirani chifukwa chimene anthu anayambira kutola mazira. Kutchire zisa zambiri sizifika poswa. Make akangotsikira kumadzi kukazizirako, ng'anzi yafika, afisi ndi anyani nawo amafukula, madzi akakwera zina zimamira. Mwa ana amene aswa, ochepa kwambiri ndi amene amakula, enawo amathera m'kamwa mwa mbalame, nsomba zikuluzikulu ndi ng'ona zinzawo. Ng'ona imapirira zimenezo chifukwa imaikira chaka ndi chaka kwa zaka zambiri. Mlimi sangapirire. M'chofungatira chosamalidwa bwino mazira ambiri amoyo amaswa, ndiye phindu lake. Ndiponso ng'ona posankha malo siingokumba paliponse, imadziwa mtunda wotalikira bwino ndi madzi, mchenga wotaya madzi, dzuwa ndi mthunzi wokwanira. Kuseri kwanuku ndi dothi la makande, mvula yoyamba ya Novembala dzenje lidzasanduka chithaphwi, linthumbu lidzalowa, agalu anu adzafukula. Mchenga titengereko khalidwe lake, koma tiuike m'bokosi mmene tingauyeze ndi kuuteteza. Tsiku loswa mudzamva ana akulira ali m'chigoba, timawu tating'ono tobwerezabwereza. Kumtsinje make akamva amafukula, n'kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Kuno wofukula ndinu, ndipo musathamangire kuswa dzira limene silinaboole lokha, mwana amakhala asanamalize kulowetsa chachikasu m'mimba.

CHE MAZIRA: Kunyamula m'kamwa ndiye ndakana.

APHUNZITSI: Musakane msanga, mwina simudzafikako. Mazirawo mukawatenga kuti?

CHE MAZIRA: Pali kamchenga kena kutsidyaku, mbali ya Balaka, chakumtunda. Usiku, bwato, tochi, thumba.

APHUNZITSI: Usiku, pachisa chimene make wagona mamita ochepa, miyezi itatu osadya bwino, mtima uli m'mwamba. Mukapulumuka kwa iyeyo mukumana ndi a gemu. Chakumtundako ndi paki ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 akuiyendetsa a African Parks pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Mpanda ulipo, alonda amayendera ndi pamadzi pomwe. Ngakhale kunja kwa paki, ng'ona ndi mazira ake si zotola ngati bowa. Kutola, kusunga, kuweta, kugulitsa, chilichonse chimafuna chilolezo cha nthambi imeneyi. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30. Ndipo tinene kuti mwazemba onsewo, chikopacho mukagulitsa kwa yani? Malonda a zikopa za ng'ona pakati pa mayiko amayendera pangano la CITES. Ng'ona za ku Malawi zili m'gulu lololedwa kugulitsa, koma chikopa chilichonse chimatuluka ndi chizindikiro cha nambala chokhomedwa kumchira, ndi mapepala ake. Chopanda nambala wogula weniweni sachikhudza. Mudzangotsala nacho n'kukhomera ng'oma.

CHE MAZIRA: Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Ng'ona igwire mwana padooko, tilire, tiike maliro, nthawi zina opanda mtembo. Ine nditole dzira lake limodzi, ndikagone ku Zomba. Lamulo limeneli analemba ndi anthu kapena ng'ona?

APHUNZITSI: Pamenepo sindikusekani, aneba. Anthu a m'mbali mwa Shire, Machinga ndi Balaka yemwe, alira maliro ambiri, ndipo wolemba malamulo amene sanatungepo madzi padooko ayenera kumva mkwiyo umenewo. Koma taganizani, imene imagwira anthu ndi mbuzi ndi ng'ona yaikulu, ya zaka zambiri. Mukaba mazira ake iyo ikadali pomwepo, mwangoiputa. Yovutitsa amakaneneza kwa a gemu, ndipo chotchinjiriza anthu ndi mijigo ndi madooko otchinga, kuti mayi asalowe m'madzi ndi ndowa. Za chilolezozi zinabwera chifukwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 alenje a zikopa anapulula ng'ona m'mitsinje yambiri ya mu Africa. Njira imene anaipeza, ya ku Kariba mwaitchula ija, ndi yoti mazira azitoledwa mowerengeka, ndi anthu odziwika, boma likudziwa zisa zingati zatengedwa. Chilolezocho ndiye khomo la bizinesi yomwe mukuifunayo. Ndipo akakufunsani kuofesi, sadzayamba ndi makina. Adzafuna kuona maiwe, mpanda, madzi, ndi chakudya. Mwana wa ng'ona amaswa ali wa masentimita pafupifupi 30, amafuna madzi ofunda ndi aukhondo, amadya nyama ndi nsomba, ndipo mpaka chikopa chifike pogulitsa ndi zaka ziwiri kapena zitatu mukudyetsa osalandira kanthu. Chogula ndi cha pamimba, chikakalika pa simenti yokhakhala kapena zikalumana, mtengo wagwa. Ng'ona 50, pakamwa 50, zaka zitatu. Nkhuku zanu zonse zidzathera momwemo.

CHE MAZIRA: Zakufa zokha ndizidzazipatsa.

APHUNZITSI: Ndiye muzidzapempherera chitopa? Ndipo simunaganize za mudzi. Anthu kuno amakhulupirira kuti ndulu ya ng'ona ndi poizoni, amakhulupiriranso kuti pali anthu oweta ng'ona zotuma. Tsiku limene adzamve kuti Che Mazira ali ndi ng'ona kuseri, dzira lanu lowiritsa padepoti adzagula ndani? Wina akangotsegula m'mimba ku Mangochi Turn-off, dzina lotchulidwa lidzakhala lanu.

(Phokoso: makina ayambanso tii, tii, tii. Ana chapatali: "Ayakaaa!")

CHE MAZIRA: Ndamva, ndamva. Makinawa abwerere ku nkhuku, madzi ndithira pompano. Koma ng'ona sindinazisiye. Furiji yakufa ilipo kwa alamu anga ku Balaka, amasungiramo nsapato. Inu Chingerezi mumachitha, mundilembere kalata yopempha chilolezo, ya mawu aataliatali, asadziwe kuti ndine wa padepoti.

APHUNZITSI: Kalata ndilemba, kuti akakukanizeni ndi anthu ena, ine ndatopa. Koma adzafuna mapu a malo. Maiwe a ng'onazo mukumba pati? Bwalo lanu ndi ili, khola, chimbudzi, nkhokwe, latha.

CHE MAZIRA: Malo alipo, ndinayeza kale ndi mapazi. Kuchokera pa mpanda apa kukafika pa mpapaya.

APHUNZITSI: Mpapaya uti?

CHE MAZIRA: Uwo uli kuseri kwa bafa lanu. Madzi osamba amangotayika chabe pamenepo, ndiye ndimati tigwirizane, inu madzi, ine ng'ona, phindu tigawana.

APHUNZITSI: Kuseri kwa bafa langa! Ine ndizisamba maso 100 akundiyang'ana pansi pa mpanda? Tiyeni kwa amfumu! Valani nsapato, tiyeni pompano!

CHE MAZIRA: Dikirani madamu, waya! Mwakola waya!

(Phokoso: chinthu chagwa, pulasitiki yasweka. Nkhuku zabalalika. Nyimbo.)